Chivindikiro cha ku Migodi pa Rediyeta ya Atate

Atate anga anayendetsa galimoto za mzungu wina wa fodya kuyambira ali ndi tsitsi mpaka dazi, ndipo tsiku limene mzunguyo anatopa ndi fodya n'kumanga katundu wake, anawathokoza ndi mtima wonse. Anawapatsa galimoto imene inali itafa zaka zingapo kuseri kwa balani. Ena akapuma ntchito amapatsidwa wotchi. Ife tinapatsidwa mtembo wa matayala anayi, ndipo unabwera kwathu ku komboni ya Kapata ukukokedwa ndi ng'ombe, nkhuku ziwiri za pafamu zili m'kati, zitakana kutsika.

Inali nthawi ya Chitaganya, tawuni yathu ikadali Foti Jemusoni. Ankatiuza kuti ife ndi azungu tsopano ndife abwenzi, ndipo ubwenziwo tinkauona bwino pogula zitsulo za galimoto: mnzathuyo ankalowera pakhomo, ife tinkaima pa kawindo kuseri, n'kumalongosola pisitoni ndi manja ngati anthu osalankhula. Ndiye atate injini ija anaidzutsa ndi zotola. Zaka zitatu, tsiku lililonse akaweruka ku lole ya mmwenye imene anayamba kuyendetsa, ankavula jekete n'kulowa pansi pa mtembo uja. Chitsulo chilichonse chinasambitsidwa m'palafini, kupukutidwa, n'kugonekedwa pa thumba ngati khanda. Ine mwana wawo weniweni sindikumbuka kuti anandipukutapo choncho. Tsiku limene injini inalira, agalu onse a ku Kapata anathawira ku Nyasalande, ndipo ena sanabwerebe.

Koma mwini wake weniweni wa galimotoyo anali amayi, ngakhale sipanala sanaigwirepo. Amayi kwawo ndi kumudzi wina kuseri kwa mapiri, ukapatuka mu msewu wa ku Lusaka, ndipo kumeneko kuli mng'ono wawo wa pakamwa ngati lumo. Kawiri konse amayi anatumiza mawu kuti tikubwera pa galimoto yathu. Kawiri konse anakatsika pa lole, atakhalira matumba a mtedza, fumbi mpaka m'nsidze, mng'ono wawoyo n'kuwalandira ndi manja awiri: "Akulu, galimoto yanu ndi yaikulu bwanji! Mpaka mwanyamuliramo anthu makumi atatu ndi mbuzi?"

Tsopano kumudziko kunali ubatizo wa mdzukulu wa mng'ono wawoyo, ndipo amayi anali atatumiza mawu kachitatu. Anawauza atate pabwalo, ife tonse tikumva.

"Atate ake mwana, Loweruka ndikalowa m'mudzi mwathu nditakhala kutsogolo, aliyense akundiona. Zikakanika, kwathu sindidzapondakonso. Mudzangondipititsa m'bokosi."

Atate anayankha kuti kwatsala kanthu kakang'ono chabe. Rediyeta.

Rediyeta ndi chija chokhala pamphuno pa galimoto, chooneka ngati zisa za njuchi, mmene madzi a injini amazizirira. Yathu inali yamkuwa, ndipo zaka zonse za kufamu, ikangoyamba kudontha, atate ankathiramo zinyenyeswa za fodya, fodyayo n'kufufuma n'kutseka pobowoka. Madalaivala onse a m'mafamu ankatero. Koma tsopano injini inali yoyera ngati nsalu ya pa guwa, ndiye atate, mkulu wa mpingo, anati singakhalire pamodzi ndi rediyeta yosuta. Anaitsuka ndi soda wophikira sopo. Munatuluka fodya wokwana kusuta Kapata yense mpaka Khirisimasi. Titathiramo madzi oyera, anatulukira paliponse kupatula pamene tinawathirira. Zinapezeka kuti mkuwa unatha kale. Chimene chinkagwira madzi zaka zonsezo anali fodya.

Anthu oyandikana nafe, amene ambiri a iwo ngakhale njinga analibe, anasanduka amakanika tsiku lomwelo. Wina anati tiswere dzira m'menemo. Wina anati ufa wa mgaiwa. Wina anati tsabola. Amayi anati akafuna kuphika adzatiuza.

Njira zenizeni zinali ziwiri. Kuseri kwa galaja ina kunali lole yogubuduzika imene rediyeta yake inapulumuka, yochindikala, yoti ngakhale njovu itaikhalira singamve. Tinabwera nayo pa wilibala n'kuiimika pamalo. Inatalika kuposa boneti ndi chikhatho chathunthu, moti boneti sinkatsekeka. Atate anaizungulira katatu akumwetulira. Amayi anatuluka m'khitchini n'kuiyang'ana kamodzi kokha.

"Ndiye iziyenda chonchi, kukamwa yasa?"

"Mphepo izilowa bwino, amake mwana. Iyi singawire ngakhale pa phiri."

"Galimoto yoyasamula ine ayi. Mng'ono wanga akati ili ndi njala."

"Tingamange boneti ndi chingwe."

"Akati ili ndi dzino."

Basi, maphunziro onse a za injini anathera pomwepo. Ya lole inakagona kuseri kwa chimbudzi, yakale ija tinapita nayo kumsika kwa mdala wina wokhoma zidebe, amene anaimata ndi mtovu masiku awiri mpaka inalemera kuposa ine. Potipatsa anati, "Madzi igwira, koma musaikakamize. Nkhalamba iyi muziisiya izipuma." Kupuma kwake kunali kwakuti chivindikiro chakale chinali chongovindikira basi, ndipo madzi akatentha, nthunzi inkatulukira pa kapaipi kam'mbali, galimoto n'kumalavula pang'onopang'ono ngati munthu wotafuna nzimbe. Tinaiyesa pabwalo. Inalavula mwaulemu, osadontha. Nkhani ikanathera pamenepa, ndipo inu simukanandimva.

Lachitatu anatulukira alamu anga, amuna a mlongo wanga wamkulu, ochokera ku Migodi pa tchuthi. Kumeneko ankagwira ntchito m'galaja, ndipo ukamva mmene ankalankhulira, iwo akanangodwala sabata imodzi mkuwa wa dziko lonse ukanaima. Ukwati wawo unali usanathe chaka, mwana kunalibe, ndiye manyazi a chipongozi anali akadali aawisi. Amayi akatulukira uku, alamu ankazimiririka uko. Ndi atate ankatha kukhala pabwalo limodzi, koma kulankhulana maso ndi maso ayi. Mawu ankadzera mwa ine. Amuna awiri otalikirana mapazi khumi, makutu onse abwinobwino, ine pakati ngati positi ofesi.

Alamu ananjuta patali n'kutulutsa kaphukusi ka mu mpango woyera.

"Mlamu, uwapatse apongozi. Uwauze kuti tinamva za galimoto, ndiye tabwera ndi kanthu kochepa."

Kanthu kochepako kanali chivindikiro cha rediyeta chamakono, chonyezimira moti ndinawerengerapo ziphuphu zanga. Pansi pake panali sipuling'i ndi mphira. Alamu analongosola, akuyang'ana nyerere pansi, kuti sipuling'iyo imakanikiza mphira, nthunzi situluka, ndiye madzi sawira msanga. Galimoto zonse za mabwana ku Migodi ndi mmene zilili.

Atate anachilandira ndi manja awiri. Anakanikiza sipuling'i ndi chala, nkhope yawo n'kusintha ngati aluma mwala m'nyemba. Anandinong'oneza, "Ichi chiphulitsa rediyeta yanga." Kenaka mokweza: "Uwauze apongozi kuti tathokoza kwambiri."

Ine ntchito ya mthenga ndinkaikonda, koma mawu ouma sindinkatha kuwanyamula osathirako mchere.

"Alamu, akuti athokoza kwambiri. Akuti chivindikiro chotere ngakhale Bwanamkubwa ku Lusaka alibe. Akuti galimoto yonseyi popanda ichi inali wilibala chabe."

Atate anandiyang'ana. Koma akanati chiyani? Kuti iyayi, sindinathokoze chonchi? Alamu anamwetulira mpaka m'makutu, n'kunena kuti ankafuna kukwera basi Lachisanu koma tsopano akhala, apite nafe kumudzi, akaone okha mphatso yawo ikugwira ntchito.

Tsono pa galimoto zakale zija chivindikiro sichibisika m'boneti. Chimakhala pamphuno penipeni, pamene aliyense amachiona. Kusachiikapo kukanakhala ngati kumubweza mkamwini pakhomo ndi nkhuku yake m'khwapa. Ndipo sichinkalowa n'komwe pa khosi la rediyeta yathu. Anthu anzeru akanati Mulungu watipulumutsa. Ife, anthu aulemu, tinacheka khosi la rediyeta ya lole ija n'kubwerera kumsika kuti mdala akalimatirire pa yathu. Mdala anakanikiza sipuling'i nayenso.

"Ndinati muziisiya izipuma, inu mwaigulira choitsamwitsa. M'banja mwanu muli wodwala mutu?"

"Ndi mphatso ya apongozi," anatero atate.

"Ooh," anatero mdala, n'kuyamba kukupiza makala osafunsanso.

Lachisanu m'mawa atate anandiitanira kuseri kwa galimoto. Anafinya sipuling'i ndi pulayala n'kuimanga ndi kawaya kuti isakanikize kanthu. Pamwamba chivindikiro chikunyezimira, pansi nthunzi ikudutsa ngati kale, mkamwini wasangalala, rediyeta yasangalala. "Ukawauza alamu ako, ndikuthyola miyendo," anatero mkulu wa mpingo.

Lachisanu lomwelo masana, atate ali ku ntchito, alamu anabwera ndi kansalu kudzapukuta mphatso yawo. Anaitsegula, n'kuona kawaya kaja. Anagwira pakamwa.

"Mlamu, taona umbuli wa anthu a zidebe! Wamanga sipuling'i ngati mbuzi yopita kumsika!"

Anakamasula, sipuling'i n'kudziwongola.

"Usawauze apongozi. Angachite manyazi kuti mnzawo wawapusitsa."

Ndiye ine ndinali ndi zinsinsi ziwiri m'mimba imodzi. Ena amati ndikananena. Kunena kwa yani? Kuwauza atate kunali kuneneza alamu, kuwauza alamu kunali kutaya miyendo. Komanso alamu anali atandibwereka magalasi akuda a ku Migodi oti ndivale pa ulendo, ndipo munthu wovala magalasi otero salowerera nkhani za mawaya.

Loweruka m'mawa amayi anavala duku latsopano n'kukhala kutsogolo, msana njo, ketulo yatsopano ya mphatso ili pamiyendo. Kumbuyo kunali mlongo wanga, ine ndi chidebe cha madzi, ndi alamu pakona kuseri kwa atate, khosi atalipotolera pa windo kuti maso asagwere pa duku la apongozi. Ndinapukusa hendulo, injini inalira, ndinalumphiramo. Kapata yense anatuluka. Podutsa pamsika mdala wa zidebe anaimirira n'kuvula chipewa, monga amachitira maliro akamadutsa.

Mu msewu waukulu zinayenda bwino mochititsa mantha. Titapatuka n'kuyamba kukwera phiri, atate anayamba kusuzumira pamphuno pa galimoto.

"Bwanji sikulavula?" anadzifunsa okha.

Alamu analephera kupirira. "Mlamu, uwauze apongozi kuti ntchito ya sipuling'i ndi imeneyo. Motoka iyi zolavula yasiya."

Uthengawo sindinaupereke. Makutu a atate anaulandira okha, ndinawaona akugwedera. Phazi lawo linali likuchoka pa mafuta pamene kunamveka phuu! Msoko wa pamwamba pa rediyeta unang'ambika, madzi otentha ndi nthunzi pa galasi lonse, mbalame za m'phirimo n'kusamukira kwa Apwitikizi. Atate anazimitsa injini msangamsanga. Zii.

Anatsika, anadikira kuti pazizire, anatsegula chivindikiro ndi chiguduli n'kuchitembenuza. Sipuling'i inali chilili, yomasuka kuposa tonsefe m'Chitaganya. Anandiyang'ana. Magalasi akuda anandithandiza kwambiri.

"Uwafunse apongozi," anatero atate, mawu ali pansipansi, "ngati anaonako kawaya kena kake."

"Uwauze apongozi," anatero alamu atanjuta m'mbali mwa msewu, "kuti kawaya ka mdala wa zidebe tinakachotsa, kuti kasawachititse manyazi."

"Uwauze apongozi kuti mdala wa zidebeyo ndine."

Umenewunso unafika wokha. Alamu anavula chipewa n'kuyang'ana m'kati mwake nthawi yaitali ngati mwalembedwa nyuzi.

Mlongo wanga anati mwina tidikire lole, nthawi zina imadutsa masana. Amayi sanatembenuke n'komwe.

"Ine pano sinditsika."

Atate anagwada kutsogolo kwa galimoto, anapapasa injini, anainunkhiza. Inali isanapse. Anati msoko wang'ambika pamwamba, ndiye madzi apansi akhala, koma azitayikira panja ndi mabampu. Ingafike ngati wina atakhala pa madigadi, chitsulo chophimba tayala lakutsogolo, n'kumathira madzi osaleka, galimoto ikuyenda. Akangosiya, injini ipsa, ndipo ina yotere kulibe kuno mpaka ku Halale. Ine anandipatsa ntchito yothamanga ndi chidebe m'madambo ndi pa zitsime, poti miyendo ndinali ndikadali nayo. Alamu anaimirira n'kunena, kudzera mwa ine, kuti mlandu ndi wawo, madzi athira iwo ndi ketulo ya mphatso ija. Ketuloyo inachoka kwa amayi kupita kwa mlongo wanga, kwa mlongo wanga kubwera kwa ine, kwa ine kupita kwa alamu, ulendo wautali kuposa umene galimoto inali itayenda.

Mbali ya atate alamu sakanakhala, akanawatchinga njira. Inatsala mbali imodzi, kutsogolo kwa amayi, pakati pali galasi lokha.

Anakwera pa madigadi, nyali ya galimoto ili pakati pa miyendo. Atayang'ana kumbuyo, maso ndi maso ndi apongozi aakazi. Atayang'ana kutsogolo, anawalozetsa apongoziwo mbali ya thupi imene ngakhale ku Migodi saonetsa akuluakulu. Anayesa cham'mbali, zinaoneka zonse ziwiri. Amayi anangomasula chitenje cha pamapewa n'kudzifunditsa mutu wonse mpaka m'mawondo.

Tinayenda choncho. Liwiro lake, mayi wina wosenza nkhuni anatipitirira, anakatula kwawo, anabwerera kukatenga zina, n'kudzatipitiriranso, kutipatsa moni kachiwiri. Ine ndinaphwetsa zitsime zitatu ndi dambo limodzi. Pachitsime china azimayi anandifunsa ngati kwinakwake kukupsa nyumba, ndinati iyayi, tikumwetsa mphatso ya alamu. Alamuwo nthunzi inawaphika nkhope, suti ya ku Migodi inamatirira thupi, pa mabampu ankadumpha ngati chimanga m'chiwaya, koma ketulo sanaisiye. Pa chimenecho ndiwachitira umboni kulikonse. Amayi m'chitenje muja ankangofunsa, "Tafika pati?" mlongo wanga n'kumawatchulira mitengo.

Dzuwa litapendeka tinawoloka mlatho wa pafupi ndi mudzi n'kulowa m'mudzimo. Taganizani zimene anthu anaona: galimoto ikufuka, mwamuna wa suti atakwera pamphuno ndi ketulo, wina wa magalasi akuda akuthamanga pambali ndi chidebe, ndipo kutsogolo munthu wofundidwa nsalu mutu wonse, osagwedezeka. Azimayi awiri anayamba kulira maliro, kuti asapitiridwe ndi anzawo. Ana anathawa. Mng'ono wa amayi anabwera akupukuta manja, anasuzumira m'kati, n'kuwafunsa atate:

"Alamu, mwatibweretsera ndani? Akulu anga mwawasiyanso pa lole?"

M'chitenje munatuluka mawu, osakweza.

"Atate ake mwana, bwererani."

"Kuti?"

"Pa mlatho paja. Tilowenso. Apongozi atsike, akaone mmene anthu a kuno amamangira nkhokwe."

Alamu sanadikire kuti ndiwafikitsire. Anatsika n'kukaona nkhokwe, makamaka kuseri kwake.

Atate anati popanda wothira madzi sakulonjeza kanthu. Rediyeta itadzaza, galimoto ingafike kuchokera pa mlatho mpaka pabwalo, mwina, koma osapitirira phazi limodzi. Ndinadzipereka kukhala pa madigadi. Amayi anati sanadikire zaka zonsezi kuti anthu a kwawo adzaone ine.

Tinabwerera chambuyo, mudzi wonse ukutiyang'ana, olira maliro atasokonezeka pakati pa mawu. Pa mlatho ndinadzaza rediyeta mpaka pong'ambika. Mlongo wanga anapukuta galasi. Amayi anapinda chitenje bwinobwino, anakonza duku, n'kuika chigongono pa windo.

"Lizani hutala."

Atate anati hutala inali ya chaka chamawa. Amayi anatembenuka n'kuyang'ana ine. Ndinatulutsa mutu pa windo: "Pipiii! Pipiii!" Pakamwa panga, pamene anthu akhala akupadandaula kuyambira ndili mwana, panapeza ntchito tsiku limenelo.

Tinalowa kachiwiri. Amayi ankaweramitsa mutu uku ndi uku, pang'ono chabe, ngati munthu wozolowera. Aja olira anatembenuza maliro kukhala nthungululu osapuma n'komwe. Atate maso anali pa nthunzi, milomo ikugwedera, ndipo sindikhulupirira kuti ankaimba. Pakhomo pa mng'ono wa amayi anazimitsa injini. Inatsokomola kamodzi n'kukhala chete, isanapse. Atate anatsamira chiwongolero ndi mphumi, thukuta likudonthera pa nsapato.

Amayi sanatsike. Anangokhala, manja pamiyendo. Mng'ono wawo anaima chapafupi, akumwetulira ndi mano okha.

"Tsikani tsono, akulu, takuonani."

"Chitseko ichi amachitsegulira kunja kokha, mng'ono wanga. Gwira apo, ukokere kwa iwe."

Mng'ono wawo anayang'ana anthu, anthu anayang'ana iye. Anagwira, anatsegula, n'kuima pambali mpaka amayi anatsitsa phazi loyamba, kenaka lachiwiri, mosafulumira. Chogwirira cham'kati chinalipo, ndipo chinali bwinobwino. Ndinachithira mafuta ndekha Lachinayi.